Anthu anayi pa tsamba limodzi: kuunika Google Play ngati malo osankhira magemu a puzzle

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito Google Play, sitolo ya pa intaneti yopezamo mapulogalamu ndi magemu a m'mafoni a Android, kwa zaka zambiri osaganiza n'komwe kuti ndi chinthu choti munthu n'kuchiunika, popeza ambirife timangodutsapo ngati pakhomo, maso ali pa chimene tikufuna kuika mu foni. Chimene chinandichititsa kuti ndiiyang'ane mofatsa n'chakuti m'mwezi umodzi ndinaona anthu anayi a m'banja lathu akufika pa tsamba la mtundu umodzi, aliyense akuganiza ngati apange dawunilodi gemu ya puzzle, kutanthauza gemu yofuna kuganiza kuti uithetse, kapena aisiye. Panali mphwanga wa zaka 9, mwana wa mlongo wanga, amene amabwereka foni ya mayi ake, mwana wanga wamkazi wa zaka 21, ineyo amene ndapitirira zaka 45, ndi amayi anga amene akuyandikira zaka 70. Tsamba limene tonse tinaliona linali lofanana, koma aliyense anawerengapo kachigawo kake, ndipo palibe amene analiwerenga lonse.

Sitolo ya pa intaneti imeneyi inayamba mu 2008 ikudziwika kuti Android Market, ndipo dzina la Google Play inalitenga mu 2012, chaka chomwenso gemu ya Candy Crush Saga inafika m'mafoni. Munthu akatsegula tsamba la gemu iliyonse, pamwamba amapeza kachithunzi koimira gemuyo, dzina lake, ndi dzina la kampani imene inaipanga. Pansi pa dzina la kampaniyo, m'tizilembo ting'onoting'ono tosaoneka bwino, pamalembedwa mawu akuti "Contains ads" ngati m'gemumo muli zotsatsa malonda, komanso akuti "In-app purchases" ngati muli zinthu zogula. Kenako pamabwera mzere wosonyeza nyenyezi zimene anthu aipatsa posonyeza mmene aikondera, msinkhu wa oyenera kusewera, ndi chiwerengero cha amene anaiika m'mafoni awo. Pansi pake pali batani lalikulu loyambitsira dawunilodi, ndipo zithunzi, malongosoledwe, gawo lotchedwa "Data safety" ndi maganizo a anthu ena zimabwera munthu akatsika m'munsi. Dongosolo limeneli ndi limene ndikuliunika, chifukwa chimene chaikidwa pamwamba ndi chimene chakankhidwira pansi ndi zimene zimasiyanitsa amene wathandizidwa ndi amene wangodutsa.

Mphwangayo sasankhira gemu pa tsambali ayi. Amafika atasankha kale. Chimene chimamubweretsa ndi kavidiyo kotsatsa kamene wakaona m'kati mwa gemu ina, kosonyeza munthu akulephera dala chinthu chophweka, mpaka mwanayo mtima kumuyabwa kuti iye akanatha. Tsiku lina ndinakhala pambali pake n'kumaona mmene chala chake chikuyendera: kuchoka pa kavidiyoko kufika pa batani la dawunilodi sipanathe ngakhale masekondi asanu, ndipo maso ake sanatsike pansi pa zithunzi. Nditamufunsa chimene chamukopa, anandilozera kachithunzi kowala kaja n'kunena kuti, "Amalume, anzanga onse ali nayo iyi." Sindikudandaula kuti mwana wa zaka 9 sawerenga malongosoledwe, pakuti ndi mmene ana alili, funso langa ndi lakuti kodi tsambalo limamuteteza bwanji munthu amene aliyense akudziwa kuti sawerenga.

Nkhani ya zotsatsa zosiyana ndi gemu yeniyeni si yongomva m'mphepo. Mu 2020 bungwe loona za kutsatsa malonda ku Britain, Advertising Standards Authority, linagamula kuti zotsatsa zina za magemu a Homescapes ndi Gardenscapes, opangidwa ndi kampani ya Playrix, zinali zosocheretsa, chifukwa zinkaonetsa masewera okoka tizitsulo populumutsa munthu pamene masewera oterowo ankapezeka m'magawo owerengeka okha a magemuwo. Pamenepa tsamba la Google Play limathandiza ndithu, popeza zithunzi za pa tsambalo kawirikawiri zimakhala pafupi ndi gemu yeniyeni kuposa kavidiyo kotsatsa, ndipo amene anakhumudwa sachedwa kulemba m'gawo la maganizo kuti zimene anaona si zimene anapeza. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vuto ndi lakuti amene angaone nyererezo ndi amene watsika pansi pa tsamba, ndipo mwana satsikako.

Chimene chinatiwawa kwambiri chinachitika m'gemu ina imene sindiitchula dzina. Mlongo wanga anali atasunga khadi lake la kubanki mu foni n'kuzimitsa kufunsa pasiwedi pogula, chifukwa kunkamutopetsa. Mwanayo atalephera gawo lina, gemuyo inamuonetsa kabokosi kokongola komupatsa mwayi wopitiriza, iye n'kudina, ndipo anachita zimenezi kangapo madzulo amodzi osazindikira kuti timakobidi tagolide ta m'gemumo tikugulidwa ndi ndalama zenizeni za mayi ake. Mlongo wanga anandiuza mokwiya kuti gemuyo inalembedwa kuti ndi yoyenera aliyense kuyambira zaka 3. Iye ankanena zoona, koma chizindikiro cha msinkhucho chimayeza makamaka zinthu monga chiwawa, zoopsa ndi mawu otukwana. Sichilonjeza kuti mwana sapemphedwa ndalama. Makolo ambiri amachiwerenga ngati chilolezo cha zonse, ndipo tsambalo silichita zambiri powadziwitsa kuti akuchimva molakwa. Vutoli ndi lakale: mu 2014 bungwe loteteza ogula la ku United States, Federal Trade Commission, linagwirizana ndi Apple kuti ibweze madola osachepera 32.5 miliyoni, ndi Google kuti ibweze madola osachepera 19 miliyoni, kwa makolo amene ana awo anagula zinthu m'mapulogalamu popanda chilolezo. Lero zida zotetezera zilipo ndipo zimagwira bwino ntchito. Munthu akhoza kukonza kuti foni izifunsa pasiwedi kapena chidindo cha chala nthawi iliyonse pogula, pulogalamu ya Family Link imene inayamba mu 2017 imalola kholo kuvomereza kapena kukana chilichonse chimene mwana akufuna kuika, ndipo kuyambira mu 2020 pali gawo la ana lokhala ndi mapulogalamu amene aphunzitsi anawaunika. Zonsezi, komabe, zimadikira kholo limene likudziwa kale kuti zilipo.

Mwana wanga wa zaka 21 ndi amene tsambali limamuyenerera bwino kuposa tonsefe, ndipo kumuona akusankha gemu kuli ngati kuona munthu wodziwa msika akudutsa ogulitsa okuwa kupita kumene kuli katundu. Sayang'ana nyenyezi zapamwamba. Amapita molunjika ku maganizo a anthu, n'kusankha kuona okhawo amene anapereka nyenyezi imodzi kapena ziwiri, makamaka aposachedwa. Akapeza anthu atatu kapena anayi akudandaula za chinthu chimodzi, monga zotsatsa pakatha gawo lililonse kapena foni kutentha, amachoka. Amayang'ananso kukula kwa gemuyo, podziwa kuti nambala yolembedwayo nthawi zina ndi chiyambi chabe, popeza magemu ena amakokanso zinthu zina pa intaneti akangotsegulidwa koyamba. Ndipo amawerenga dzina la kampani, chinthu chimene ineyo sindinkachita. Anandikumbutsa kuti gemu ya 2048, imene Gabriele Cirulli anaitulutsa mu March 2014 ili yaulere, inabwera patangopita milungu yochepa kuchokera pamene gemu yofanana nayo ya Threes inatuluka, ndipo kuyambira pamenepo magemu otengera dzina ndi maonekedwe ake anachuluka moti munthu wolemba 2048 posaka amapeza mndandanda wautali wa zinthu zooneka ngati mapasa.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale amafufuza chonchi, iye ndi amene saona kupanga dawunilodi ngati nkhani yaikulu. "Adadi, ikandibowa ndimangoichotsa," anatero, ndipo ndinaonadi gemu ina ikulowa mu foni yake n'kutulukamo ola lisanathe. Kwa iye chiyeso chenicheni ndi mphindi zoyambirira za kusewera, ndipo tsambalo limangomuthandiza kusataya bandulo ndi malo a mu foni pa zinthu zoonekeratu kuti n'zachabe. Chimene chimamusunga pa gemu nthawi zambiri ndi anzake. Wordle, imene Josh Wardle anaitsegulira anthu onse mu October 2021 ndipo nyuzipepala ya The New York Times inaigula mu January 2022, inafalikira makamaka chifukwa cha timabokosi tobiriwira ndi tachikasu timene anthu ankatumizirana posonyeza kuti apeza liwu la zilembo zisanu atayesa kangati mwa maulendo 6 amene amaloledwa pa tsiku. Gemu yotero munthu saifunira nyenyezi. Amaimva kwa mnzake.

Za ine ndemwe ndinena mwachidule, ngakhale kuti ndi zimene zinandichititsa manyazi pang'ono. Ndine wa m'badwo umene unakulira pa Snake ya m'mafoni a Nokia, ndipo ndimadziwa Tetris ya Alexey Pajitnov, gemu ya m'zaka za m'ma 1980 imene sinkapempha kanthu kwa wosewera koma maso ndi zala. Chimene ndimafuna lero ndi kanthu kodzaza mphindi khumi pamene ndikudikira, kotha kusewereka popanda intaneti, ndipo kosandikalipira ndikakasiya sabata yathunthu. Tsambalo lili ndi timawu tofotokozera mtundu wa gemu, ndipo kena mwa ito ndi kakuti "Offline", kosonyeza kuti gemu imasewereka popanda intaneti, kamene ndinakapeza kothandiza kwambiri. Koma ndinazindikira kuti ndimadalira chiwerengero cha madawunilodi mopitirira muyeso, ngati kuti anthu ochuluka sangalakwitse limodzi.

Candy Crush Saga ndi chitsanzo chabwino cha zimene chiwerengerocho chimanena ndi zimene sichinena. Pa Google Play yadutsa madawunilodi 1 biliyoni, ndipo ndi gemu yopangidwa mwaluso, yoyenda bwino, imene inatenga njira yolumikiza zinthu zitatu zofanana, yotchuka kale ndi gemu ya Bejeweled, n'kuiwonjezera magawo osatha. Chimene chimalamulira moyo wa wosewera, komabe, ndi dongosolo la miyoyo isanu: ukalephera gawo umataya moyo umodzi, ndipo umodziwo umabwerera pakatha mphindi 30, kotero kuti yonse ikatha munthu ayenera kudikira, kupempha anzake, kapena kulipira. Ena amalikonda dongosololi chifukwa limawakakamiza kuika foni pansi, ena limawapweteka m'thumba, koma onsewo amalidziwira m'kati mwa gemu, osati pa mzere wapamwamba wa tsamba. Kampani ya King, imene inapanga gemuyi, inagulidwa ndi Activision Blizzard mu 2016 pa madola 5.9 biliyoni, ndipo aliyense woganiza kuti liwu lakuti yaulere likutanthauza kuti palibe amene akulipira ayenera kuima kaye pa nambala imeneyo. Ngati munthu atsegula malongosoledwe onse a gemu n'kutsika mpaka pansi, amapeza mtengo wotsikitsitsa ndi wokwereratu wa zinthu zogulidwa m'gemumo. Ndimaliyamikira gawo limeneli, koma ndinalipeza patapita zaka ndikugwiritsa ntchito sitoloyi.

Amayi anga ndi amene anandiphunzitsa zambiri za tsambali, chifukwa iwo amaliopa. Akhala akudzaza sudoku m'timabuku ndi pensulo kwa nthawi yaitali, ndipo maso atayamba kuvuta ndi manambala ang'onoang'ono osindikizidwa, mdzukulu wawo anawauza kuti mu foni angathe kusewera sudoku yomweyo, ya mizere 9 ndi mizati 9, manambala ake ali aakulu. Anavomera, koma chala chawo chinakhala m'mwamba pa batani la dawunilodi nthawi yaitali, kenako anandiitana. "Mwanawe, tabwera udzaone, ndikadina apapa sandidula ndalama?" Funso lawo loyamba silinali lakuti gemuyo ndi yokoma kapena ayi. Ankafuna kudziwa ngati iwadyere ndalama, ngati iwononge foni, ngati ione zithunzi zawo ndi manambala a anthu, komanso ngati angathe kuichotsa akaifuna kuichotsa. Nyenyezi sizinawauze kanthu, ndipo madawunilodi mamiliyoni sanawalimbitse mtima. Chimene chinawalimbitsa mtima n'chakuti mnzawo wina wa msinkhu wawo ali nayo ndipo palibe choipa chamuchitikira.

Mayankho a mafunso awo onse ali pa tsambalo, ndipo apa ndi pamene ndikuona ubwino ndi kuperewera kwake pamodzi. Gawo la "Data safety", limene linayamba kuoneka mu 2022, limafotokoza zimene gemu imasonkhanitsa zokhudza wosewera ndi zimene imagawana ndi makampani ena, ndipo ndi gawo limene amayi ankalifuna ndendende. Koma zolembedwamo amazilemba ndi opanga gemuwo okha, ndipo mawu ake ndi a anthu odziwa zamakompyuta, kotero kuti ndinachita kuwamasulira mzere ndi mzere, magalasi awo ali pamphuno, iwo n'kumangogwedeza mutu. Mawu aja onena za zotsatsa ndi zogula, amene kwa munthu ngati iwo ndi ofunika kuposa china chilichonse, ndi amene alembedwa m'tizilembo tating'ono kwambiri pa tsamba lonse. Munthu amene wabwera chifukwa maso akumuvuta ndi amene sangawaone.

Panalinso nkhani ya ubongo. Amayi anamva kuti masewera otere amateteza munthu ku matenda oiwalaiwala a ukalamba, ndipo magemu ambiri a puzzle amalemba mawu okopa a mtundu umenewu m'malongosoledwe awo, podziwa kuti ndi chimene anthu achikulire akufuna kumva. Ndinawauza kuti mu 2016 kampani ya Lumos Labs, mwini wake wa pulogalamu ya masewera olimbitsa ubongo ya Lumosity, inavomera kulipira madola 2 miliyoni bungwe la Federal Trade Commission litaiimba mlandu wolonjeza popanda umboni wokwanira kuti masewera ake angachedwetse kufooka kwa maganizo. Kusewera sudoku kumamupangitsa munthu kukhala katswiri wa sudoku, ndipo kumamusangalatsa, zimene pazokha ndi zifukwa zokwanira. Koma tsamba la sitolo silisiyanitsa lonjezo lotsimikizika ndi mawu ongokometsera malonda, ndipo amene amavutika ndi kusasiyanitsaku ndi amene amakhulupirira kuti chilichonse cholembedwa chinayamba chaunikidwa. Amayi anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Chabwino, ingondiikira ya manambala aakulu."

Gemu yoyamba imene ndinawaikira, imenenso sindiitchula, inawasokoneza tsiku lomwelo. Atamaliza sudoku imodzi panabwera chotsatsa chodzaza sikirini yonse, kachizindikiro kotsekera kali kobisika pakona, ndipo poyesa kukadina anaphonya pang'ono, foni n'kuwatengera ku tsamba la gemu ina yosiyana. Iwo anaganiza kuti aononga chinachake, anaika foni pa tebulo chafufumimba, n'kudikira kuti ndibwere. Madzulo amenewo ndinakhala ndi gemuyo mphindi khumi ndikuwerenga zotsatsa, ndipo zinakwana zisanu ndi ziwiri. Gemu yachiwiri imene ndinayesa inali ndi kachotsatsa kamodzi kokha kapansi pa sikirini, kosasokoneza chilichonse. Pa tsamba la sitolo magemu awiriwa anali ndi mawu ofanana akuti "Contains ads", nyenyezi zawo zinali pafupifupi zofanana, ndipo chizindikiro cha msinkhu chinali chimodzi. Apa ndi pamene ndikuona kuti tsambali likuperewera kwambiri: limanena kuti zotsatsa zilipo, koma silinena kuti n'zingati, zimabwera liti, kapena ngati munthu angazitseke mosavuta, pamene pa magemu ang'onoang'ono otere kusiyana kumeneku ndi kumene kumasankha ngati gemu ikhala mu foni kapena ichotsedwa.

Pa nyenyezi ndiyenera kuchita chilungamo. Kuyambira mu 2019 Google inayamba kupereka mphamvu yochuluka ku maganizo aposachedwa powerengera nyenyezi, kotero kuti gemu imene inali yabwino kale koma yaipa siingabisale kumbuyo kwa mbiri yake mpaka kalekale. Kumeneku kunali kukonza kwanzeru. Koma magemu ambiri amapempha nyenyezi pa nthawi imene wosewera wangopambana gawo losavuta la koyambirira, asanakumane ndi zotsatsa zochuluka kapena gawo lomukakamiza kugula, ndipo n'chifukwa chake magemu a puzzle ambiri amaunjikana pakati pa nyenyezi zinayi ndi zisanu, osasiyanitsika. Njira ya mwana wanga yowerenga madandaulo aposachedwa imaposa nambala yapamwambayo, ndipo ndi imene ndatengera.

Ndikanafunsidwa chimodzi chokha choti chisinthe, ndikanapempha kuti mawu onena za zotsatsa ndi zogula akule mofanana ndi nyenyezi, ndipo mtengo wa zinthu za m'gemu ukwere kuchokera pansi pa malongosoledwe kufika pafupi ndi batani la dawunilodi. Kwa munthu wodziwa kufufuza, sitoloyi ndi yabwino ndipo imapereka zambiri kuposa mmene inkachitira zaka khumi zapitazo. Kwa mwana ndi kwa wachikulire imafuna munthu wina pambali. Kwathu munthu winayo tsopano ndi ine. Mlongo wanga anabwezeretsa pasiwedi yogulira, ndipo mphwanga amachita kubwera ndi foni kudzapempha. Amayi ali ndi sudoku yawo yachiwiri ija, manambala ake atakulitsidwa mpaka pomaliza, ndipo sabata yatha anandiimbira kuti mnzawo wawauza za gemu ina yosanja timiyala tamitundumitundu. Akufuna ndikaisewere kaye mphindi khumi, ndiwerenge zotsatsa, ndisanaiike mu foni yawo.